Malo Achikhumi pa Mndandanda wa Januwale

Ntchito yanga ndi kudula tsamba loyamba. Ndaigwira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri m'shopu ya mabuku akale kuseri kwa siteshoni ya sitima ya Montparnasse mu Paris, ndipo dzanja langa linazolowera moti ndikhoza kudula ndikuyang'ana kumbali. Rula yachitsulo, lezala, kamodzi n'kamodzi tsamba lagwera m'bini. Buku limatsala loyera ngati palibe amene analembamo kanthu.

Zimayamba chonchi. Buku likatsala pang'ono kutuluka, wolemba amaitanidwa ku ofesi ya osindikiza, amamukhazika m'kachipinda kopanda zenera, n'kumuunjikira mulu wa mabuku ake kuti alembemo mawu ndi dzanja lake kwa atolankhani ounika mabuku. "Kwa Mayi Akutiakuti, mwaulemu waukulu." Mabukuwo amapita papositi mu Disembala. Pofika sabata yoyamba ya Januwale, theka lake limakhala lili pakauntala panga. Atolankhaniwo amabwera nawo kudzatigulitsa m'zikwama zamatayala zomwe anthu ena amagulira ndiwo kumsika, ndipo chimene amapempha n'chimodzi basi: dzina lawo lisaoneke. Ndiye ine ndimadula.

Sindiwada kwenikweni. Januwale aliyense kumatuluka mabuku a nkhani zopeka mazana asanu, onse pakamodzi ngati ngumbi, ndipo munthu ali ndi maso awiri okha. Koma sindiwalemekezanso. Ndawaona nkhope zawo akamathawa kuyang'ana m'bini langa.

Chaka chimenecho, limodzi mwa mabuku mazana asanuwo linali la mlongo wanga.

Armel ndi wamng'ono kwa ine ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Amayendetsa basi ku Malakoff. Buku lakelo analilemba zaka khumi ndi zinayi, m'timakope ting'onoting'ono toika m'thumba la jekete, pa mphindi khumi zimene amapuma basi ikafika kumapeto kwa msewu. Osindikiza asanu ndi atatu anamukana. Achisanu ndi chinayi, anthu awiri okha ndi galu m'kaofesi ka pamwamba pa malo ochapira zovala, anamulola. Mutu wake unali Mchere m'Zikhadabo. Tsiku lolemba mawu kwa atolankhani, Armel anapempha tchuthi kuntchito, anagula cholembera chatsopano, navala malaya amene anavala pa maliro a mayi athu. Analemba mabuku makumi asanu ndi atatu, ndipo anandiuza monyadira kuti palibe awiri amene anawalembera mawu ofanana.

Buku la munthu wosadziwika limakhala patebulo la shopu masabata asanu ndi imodzi. Likapanda kutchulidwa paliponse limabwerera m'katoni, ndipo kumapeto kwake amakaligaya n'kupangira timathireyi ta mazira. Armel ankadziwa zimenezi chifukwa ndine amene ndinamuuza, kangapo konse, ngati kuti ndikumuthandiza. Chiyembekezo chake chonse chinali pa munthu mmodzi, Bambo Peyrefort. Lachinayi lachiwiri la Januwale, bambo amenewa amatulutsa m'nyuzipepala mndandanda wa mabuku khumi oyenera kuwerenga poyamba chaka. Ogulitsa mabuku dziko lonse amaudula n'kuumata pagalasi. Buku likalowa mmenemo limakhala ndi moyo mpaka chilimwe. Likapanda kulowa, mazira akuyembekeza.

Buku langa Armel anandipatsa pakati pa Disembala, pamanja, lokulunga m'pepala la buledi chifukwa kunali mvula. Ndinaliika pamwamba pa firiji.

Lamlungu loyamba la Januwale anabwera kwathu ndi keke ya mafumu, ija amabisamo kachidole ndipo wokapeza amavala chisoti chapepala. Tinaidula pakati pa anthu awiri ngati ana amasiye, ndipo kachidole kobisika mkatimo anakaluma ndi iyeyo, mpaka dzino linalira.

"Waona, Vonne? Chaka changa chino!" Anavala chisoti chapepala chija pamutu wake wadazi. "Tandiuza tsono. Wawerenga?"

"Ndawerenga."

"Ndiye?"

"Ndi labwino."

"Labwino basi?"

"Ukufuna ndivine? Ndi labwino, Armel. Idya keke yako."

Anaseka, n'kupukuta kachidole kaja pamalaya. Buku linali pomwepo, pamwamba pa firiji, kumbuyo kwa mutu wake, ndipo ndinali nditaikapo lesiti ya kuchapa zovala pakati kuti lizioneka ngati lawerengedwa.

Ndinene zoona, popeza palibenso chobisa. Ndinali ndi mantha. Mabuku oipa ndagwira ochuluka kuposa munthu aliyense mu Paris muno, ndimawanunkhiza ndisanawatsegule, ndipo mtima wanga unkandiuza kuti mwana amene ndinkamupukuta mamina, amene anabwereza kalasi kawiri, sangalembe kanthu. Ndinkaopa kuti ndikatsegula ndipeza zaka khumi ndi zinayi zili zachabechabe, ndipo ndidzayenera kumunamiza. Ndiye kuti ndisamunamize, ndinamunamiza. Tsiku lililonse ndinkati mawa.

Buku la Armel loyamba kubwera kushopu linafika Lolemba, m'chikwama cha mtsikana wina wa pawailesi. Nadège, mnzanga amene timagawana kauntala zaka khumi ndi ziwiri tsopano, analinyamula ndi zala ziwiri, akuwerenga dzina la wolemba pachikuto.

"Maryvonne, Kerbrat uyu si wakwanu uyu?"

"Bweretsa kuno."

"Ndiye kuti m'banja mwanu muli munthu wophunzira? Ine ndimayesa nonse ndinu odula masamba."

"Nadège, pakamwa pako padzakupha."

"Sudula?"

"Sindidula."

Ndinalilowetsa pansi pa kauntala, kuseri kwa bokosi la matepi. Lachiwiri anafika anayi. Lachitatu asanu ndi awiri, ena a iwo ali m'maenvelopu momwe, osamatula n'komwe. Nadège anasiya kuseka. Ankangondikankhira ndi chigongono osayang'ana, ngati munthu wopatsira mnzake mankhwala m'tchalitchi.

Bambo Peyrefort anabwera Lachisanu, cha m'ma leveni koloko m'mawa. Amabwera chaka chilichonse, ndi chikwama chamatayala chofiira chimene tayala lake limodzi limalira. Ndi munthu wamfupi, waulemu, wa mpango wotuwa, ndipo m'maso mwake mumaoneka tulo ta munthu amene wawerenga kwambiri moti sakondwanso ndi kanthu. Anayamba kutulutsa mabuku awiriawiri. La Armel linali lachisanu ndi chitatu kutuluka, pansi pa buku lophikira.

Ndinalitsegula tsamba loyamba. Zilembo za mlongo wanga, zopendekera kumanzere ngati anthu oima m'basi ikamakhota. "Kwa Bambo Peyrefort, amene ndimawerenga mawu awo Lachinayi lililonse m'chipinda chopumulira madalaivala, zaka makumi awiri tsopano. Mwandiphunzitsa osandidziwa."

Magazi anandithamangira kumutu. Zaka zonsezi sindinayankhulepo ndi kasitomala zopitirira mtengo ndi moni.

"Bambo, buku ili simunalitsegule."

Anakweza maso. "Pepani, mayi?"

"Msana wake ulibe ndi mzere womwe. Simunalitsegule. Ngakhale mawu amene anakulemberaniwa simunawaone."

"Mwina. Mayi, kunyumba kwanga mabuku afika mpaka m'bafa. Mkazi wanga akuti kaya iye kaya iwo."

"Wolemba wake ndi mlongo wanga. Walilemba zaka khumi ndi zinayi."

Nadège anayamba kukonza mashelefu amene anali okonza kale. Bambo Peyrefort anatenga bukulo, nawerenga mawu a Armel aja pang'onopang'ono, milomo ikugwedera. Ndinaona makutu awo akufiira. Ndinamva kukoma, sindikana. Ndinadziona ngati ndagwira mbava dzanja lili m'thumba.

Anavula magalasi. "Chabwino, mayi. Mwandigwira. Ndikuuzeni mmene zilili. Mndandanda ndikukapereka lero folo koloko. Asanu ndi anayi ndasankha kale. Malo achikhumi ndikadali kukayika, chifukwa buku limene ndaikapo ndi la munthu amene sakusowa thandizo langa, ndipo silinandisangalatse. Kuwerenga la mlongo wanuli lero sindingathe. Koma ogulitsa mabuku ndimawakhulupirira kuposa anzanga a m'nyuzipepala. Tandiuzani inuyo. Muli chiyani m'bukuli? Mawu awiri atatu okha. Chinakugwirani mtima n'chiyani? Mukandikopa, ndilitenga, ndikaliwerenge m'sitima masamba makumi atatu, ndipo ndiliika."

Kunja basi inadutsa.

"Ndi nkhani ya... ya banja," ndinatero. "Ku Bretagne. M'tauni ya fakitale ya nsomba zam'zitini. Nkhani ya mayi ndi ana ake, komanso... komanso zinthu zimene sizinenedwa."

Anatembenuza bukulo, nayang'ana kuseri kwa chikuto. Anawerenga mokweza, mwaulemu ndithu, mawu omwewo amene ndinangonena, mpaka "zinthu zimene sizinenedwa".

"Izi ndikhoza kuwerenga ndekha, mayi. Ndikufunsa za mkati. Mayiyo dzina lake ndani?"

Ndinatsegula pakamwa. Dzina la mayi anga ndikulidziwa, koma sindinkadziwa ngati Armel analisintha.

"Limatha bwanji?"

Ndinayang'ana m'bini langa.

Sanandinyoze, ndipo zikanakhala bwino akanandinyoza. Anangovala magalasi awo, naika bukulo pakauntala, nalikankhira kwa ine pang'ono ndi zala ziwiri.

"Musadandaule, mayi. Tonse tili ndi mabuku pamwamba pa kabati." Anamanga mpango wawo. "Koma mundimvetse. Ngati mlongo wake weniweni, wogulitsa mabuku, sanathe kulimaliza..."

"Si kuti sindinathe kulimaliza. Sindinaliyambe."

"Eya," anatero. "Ndiye tili awiri."

Tayala lija linalira mpaka pakhomo. Nadège anabwera, natenga lezala m'dzanja langa, chifukwa ndinali nditaifinya osadziwa ndipo chala chinkatuluka magazi.

"Ukanangopeka, chitsiru iwe," anatero akundimanga pulasitala. "Ukanangoti mayiyo amamwalira kumapeto. Amayi a m'mabuku onse amamwalira kumapeto."

Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ndinaliwerenga Lamlungu, patebulo la kukhitchini, kuyambira m'mawa khofi ali wotentha mpaka madzulo ali wozizira m'kapu momwemo, osamumwa. Dzina la mayi sanalisinthe. Anali Soazig, monga analili, ndi manja awo otupa ndi mchere, ndi fungo la mafuta a nsomba limene sopo ankalilephera. Ine ndinkawakumbukira ngati mayi aukali, osaseka, omenya ndi nsalu yonyowa. Armel anakumbukira zina. Anakumbukira kuti mayi athu anafika zaka makumi anayi osadziwa kuwerenga, ndipo ankabisa zimenezi ponena kuti aiwala magalasi, magalasi amene analibe. Anakumbukira nyengo ina yozizira pamene kamtsikana ka zaka khumi kankatseka chitseko cha kukhitchini bambo akapita kunyanja, n'kundandalika zitini za nsomba patebulo, n'kumaphunzitsa mayi ake zilembo za pazitinizo, chimodzichimodzi, mokalipa ngati mphunzitsi weniweni. Iye anali ndi zaka zinayi, ali pansi pa tebulo, akuona mapazi athu.

Kamtsikanako ndinali ine, ndipo ndinali nditaiwala. Ndikulumbira, ndinali nditaiwaliratu. Pa tsamba la zana ndi makumi anayi, mayi akuwerenga okha koyamba chikwangwani cha pasiteshoni ya basi, mokweza, anthu akuwayang'ana, kenako akumenya kamtsikana kaja kambama kakang'ono chifukwa kakulira pagulu. Ndinaimirira, ndinayenda mpaka pazenera, ndinabwerera. Bukulo silinali labwino chabe. Pa mabuku onse amene ndawadula masamba zaka zonsezi, sindikudziwa ngati khumi angaime pambali pake. Ndinalira ndi chisoni, ndinaliranso ndi ukali, ndipo wokwiyira panalibe wina koma ine ndemwe.

Lolemba m'mawa ndinaimba foni kunyuzipepala. Anandizungulitsa kwa anthu atatu ndisanawapeze.

"Bambo Peyrefort, ndine mayi wa kushopu uja. Ndaliwerenga. Ndikhoza kukuuzani tsopano. Dzina lawo ndi Soazig, ndipo..."

"Aa, mayi. Tsambalo linatsekedwa Lachisanu lomwelo. Lapita kale kumakina."

"Nanga sabata yamawa?"

"Sabata yamawa ndi mabuku omasuliridwa kuchokera kunja. Ikatha imeneyo ayamba kufika a mu Malichi." Anapuma kaye. "Nditumizireni, ndidzaona."

Mawu amenewo ndimawadziwa. Ndi amene amadzaza chikwama chofiira chija.

Lachinayi kunagwa kamvula kosalekeza. Armel anafika kushopu cha m'ma thuu koloko, atangoweruka, ali m'yunifolomu, nyuzipepala ili yopinda m'khwapa. Sanaitsegule. Nadège anati akukagula masangweji, ngakhale tinali titadya kale.

"Mulibe," anatero Armel.

"Ndaona."

"Palibe kanthu. Mabuku mazana asanu, malo khumi. Ngakhale m'basi mwanga ena amaima." Anayesa kuseka. "Wowerenga mmodzi ndili naye. Ena alibe ndi mmodzi yemwe."

Pamenepo ndikanatha kungokhala chete. Koma bukulo linali litadzaza pakhosi panga masiku anayi, ndipo linangotuluka lokha. Ndinamuuza za zitini, za magalasi amene kunalibe, za kambama ka pasiteshoni. Ndinamufunsa kuti anakumbukira bwanji kuti masilipasi a mayi anali osiyana mitundu. Ndinamuuza kuti mutu wachisanu ndi chiwiri watalika ndipo akanadula masamba atatu, koma ena onse asakhudze ngakhale kadontho. Ndinayankhula mwina mphindi khumi, manja ali m'mwamba, ine amene sinditamanda ngakhale nyengo.

Anandimvetsera mpaka ndinatha. Kenako anafunsa motsitsa mawu.

"Wawerenga liti, Vonne?"

"Lamlungu."

"Lapitali?"

"Lapitali."

Anagwedeza mutu. "Ndinadziwa. Tsiku la keke lija unati ndi labwino. Chibadwire iwe sunanenepo kuti chinthu ndi chabwino. Ukanawerenga ukanayamba ndi mutu wachisanu ndi chiwiri." Anayang'ana kauntala. "Afika angati kuno?"

Ndinawerama, ndinawatulutsa onse, n'kuwasanja pamaso pake. Analipo makumi awiri ndi atatu. Anawatsegula limodzilimodzi, akuwerenga mawu ake omwe, ngati munthu wozindikira mitembo. Atafika pa la Bambo Peyrefort anaima nthawi yaitali.

"Ili anabwera nalo okha?"

"Anabwera nalo okha. Lachisanu."

Ndiye ndinamuuza zonse. Za malo achikhumi, za folo koloko, za mawu awiri atatu amene anandipempha, za mmene ndinawawerengera za kuseri kwa chikuto ngati mwana wakuba mayeso. Sindinachotsepo kanthu. Ndinkafuna andikalipire, aponye bukulo, anene mawu onse amene mayi akananena.

Anangotseka bukulo bwinobwino.

"Tanena tsopano."

"Chiyani?"

"Zimene ukanawauza. Tiyerekeze ndine iwowo. Nena."

"Bambo, ndi nkhani ya mayi wa pafakitale ya nsomba amene anaphunzira kuwerenga ali ndi zaka makumi anayi, kuchokera pa zitini zomwe ankalongedza yekha, ndipo mphunzitsi wake anali mwana wake. Wakuifotokoza ndi kamwana kamene kali pansi pa tebulo, kakungoona mapazi."

Mvula inkagunda pagalasi.

"Akanaliika?" anafunsa.

Ndikanatha kumunamizanso. Ndikanati kaya, anthu amenewa sadziwika.

"Akanaliika," ndinatero.

"Eya. Inenso ndikanaliika." Anakoka zipi ya jekete mpaka m'khosi. "Ndikuyamba faifi koloko mawa. Ndapita, Vonne."

Nyuzipepala ija anaisiya pakauntala.

Ndinayesa, musati sindinayese. Ndinalemba timakhadi ndi dzanja langa n'kukapempha mashopu anayi a mabuku atsopano kuti atimate pa bukulo. Awiri analola, koma pofika pakati pa Febuluwale tebulo linkafunika, ndipo makatoni anatsekedwa. Aliyense wolowa m'shopu mwathu, ngakhale wofuna buku la mapu, ndinkamuuza mawu anga aja a zitini ndi mapazi, mpaka Nadège anawaloweza ndipo ankandithandiza kumaliza. Mawuwo amagwira ntchito, ndicho chimandipweteka. Munthu aliyense amene ndamuuza amaima n'kunena kuti, "Tandionetsani." Koma ndi munthu mmodzimmodzi, m'kashopu ka kuseri kwa siteshoni, pamene madzi anatayika kale.

Kalata ya osindikiza inafika kwa Armel mu Epulo. Inali yaulemu. Anati otsala onse apita kokagayidwa kumapeto kwa mwezi, ndipo ngati akufuna angapo oti asunge anene msanga. Sanayankhe. Amabwerabe kwathu Lamlungu lililonse, amadya, amandiuza za anthu a m'basi mwake, ndipo sananditchulirepo za Lachisanu lija ngakhale kamodzi. Sabata yatha, ali kubafa, ndinanyamula jekete yake kuti ndiikoleke, ndipo ndinapisa dzanja m'thumba la mkati, mmene zaka khumi ndi zinayi munkakhala kakope ndi cholembera. Munali tikiti yakale ndi kachidole ka m'keke kaja basi.